Nthambi zitatu za mandimu zimene zinadulidwa ku Italiya

Inu ana, Yankho ndi Tadala, izi ndalemba m'Chichewa mwadala. Ndikamayankhula mumagwedeza mitu maso ali pa foni, kenaka mumandiyankha m'Chingerezi zimene sindinafunse. Pomwe mwakanika kuwerenga akuthandizeni amayi anu, iwo sukulu anayambira ku Dedza.

Yankho, mkazi mnzanga, mawu amene wakonza kuti ukanene tsiku lovundukula chiliza cha agogo ako aamuna ndawawerenga. Unawaiwala pa tebulo langa Lamlungu, usanene kuti ndinapisa m'chikwama chako. Walemba bwino. Za njinga yawo walemba bwino, za nyimbo zimene ankaimba posamba walembanso bwino ngakhale sizinali zofunika. Koma pa tsamba lachiwiri pali mzere wonena kuti agogo ako anamangidwa ku Italiya ataba mandimu m'munda wa mfumu. Pambali pake wajambulapo kankhope koseka, kusonyeza kuti pamenepo anthu adzaseka. Adzasekadi, ndikuwadziwa. Kudzabwera a kutchalitchi onse, anamwino amene ndinagwira nawo ntchito, ndi achibale a ku Dedza amene adzakhale akuonera pa foni. Zikanenedwa pamanda pamaso pa anthu onsewo, palibenso amene adzazikonze. Munthu amene sanatengepo ngakhale singano ya mwini adzatsala ndi dzina la wakuba mandimu mpaka kwa ana anu. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Mapepala a ulendowo ndili nawo onse. Ali mu envulopu yakhaki imene ndaika pamodzi ndi kalatayi, muwagwire mutasamba m'manja ndipo abwerere mmene alili. Amayi anu a Thoko akhala akundinena za mapepala anga kuyambira kale. Tsiku limene tinkasamukira ku Braunstone kuno ku Leicester ndinawapeza atanyamula katoni yathunthu akuloza nayo ku bini. Ndinawalanda pakhomo. Patapita zaka anabwera okha, mwaulemu, kudzafunsa ngati khadi lawo la ubatizo lilipo. Linali m'katoni yomweyo. Inu mumati zonse zili mu foni. Foni ya Tadala inagwera mumtsinje pamodzi ndi zithunzi zonse za tsiku limene anamaliza sukulu. Ine tikiti ya basi imene ndinakwera popita ku sukulu ya unamwino ndikadali nayo, ndipo ikuwerengeka.

Masiku amenewo ulendo unkayamba dzulo lake. Amayi anga ankakazinga chimanga ndi mtedza, kuotcha mbatata, n'kumanga zonse m'kansalu. Ameneyo ndiye kamba wa paulendo. Basi ikafera panjira anthu ankatsika, kukhala pansi pa mtengo, kumasula tinsalu tawo ndi kugawana. Pofika kumene mukupita munali mutadziwana mayina, midzi, ngakhale matenda. Iwe Yankho umakwera sitima ya ku Loughborough sabata iliyonse, zotsekera zili m'makutu, ndipo sunandiuzepo dzina la munthu mmodzi amene unakhala naye mpando umodzi.

Agogo anu aamuna, a Mbewe, ndinawadziwira pa ulendo wotere. Basi inafera pa Linthipe. Tonse tikudandaula za dzuwa, mnyamata wina wovala kabudula wakhaki anali atalowa pakhomo pa anthu osawadziwa, akuzungulira mtengo wa mapichesi ngati akufuna kuufunsira. Anali mlangizi wa zaulimi. M'thumba mwake munali kampeni komezanitsira mitengo, ka chigwiriro chafupa, kamene ankakanola pa lamba. Anabwera ndi tinthambi tiwiri atatikulunga m'mpango wonyowa, n'kundipempha kuti ndimugwirire. Ndinamugwirira mpaka ku Lilongwe.

Apa mvetsani bwino, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kwathu mbewu inkayenda chonchi. Ukaona chinangwa chabwino, mbatata yabwino, kapena duwa lokongola pakhomo pa munthu, unkathyolako kanthambi kokadzala kwanu. Mwini akakhalapo unkapempha, ndipo sindinamvepo munthu akukaniza. Akakhala kuti wachokapo unkathyolabe, koma sunkachoka m'mudzimo usanamuuze, kapena kusiya uthenga kwa mnansi wake kuti mukawauze ndathyolako mbewu, ndine mwana wa auje. Zipatso ndi nkhani ina, chimenecho ndi chakudya cha mwini. Koma kanthambi ayi. Wakuba anali amene wabisa. Maluwa onse a pa chipatala chimene ndinayambira ntchito anabwera choncho, m'zikwama za anamwino.

Kuno ku Mangalande ndinatsogola ndine, agogo anu anatsatira pambuyo ndi a Thoko. Munthu amene alimi ankamuvulira chipewa anakathera m'nyumba yosungiramo katundu, kunyamula makatoni. Pamaso pa anthu sanadandaulepo. Loweruka ankapita ku kadimba kobwereka ka khansolo kukalimbana ndi dothi lozizira. Chimanga chawo chisanu chinkachipeza chisanakhwime chaka ndi chaka, koma chaka chotsatira ankadzalanso. Bonongwe ndi nkhwani zokha ndizo zinkawamvera. Mbewu zina ankakazisaka m'masitolo a Amwenye ku Belgrave, kumanunkhiza timapaketi ngati angamve kumene tachokera.

Ulendo wa ku Italiya anatikonzera ndi amayi anu, kuti tikumbukire ukwati wathu. Nthawi imeneyo tinali tikadali ndi mapasipoti a kwathu, ndiye panafunika viza. Ndinapita ndi mapepala onse amene anafunsa ndi ena amene sanafunse, mpaka mtsikana wa pa windo anakweza dzanja kuti basi mayi, akwana. Tinakwera ndege mpaka ku Roma, kumeneko tinalowa m'basi ya alendo. Akuda tinali awiri okha pakati pa azungu okalamba a ku Nottingham ndi ku Derby. Wotitsogolera anali mayi wina wa Chitaliyana, wamfupi, woyenda mothamanga atakweza ambulera yotseka kuti tisamutaye.

Matauni ake ali pamwamba pa mapiri, ngati munthu atanyamula Dedza boma n'kukaikhazika pansonga pa phiri. Basi inkatsala m'munsi, ife n'kumakwera timisewu tamiyala topapatiza, zovala zoyanika zili pamwamba pa mitu yathu. Mayina a matauniwo ali pa matikiti, muwerenge nokha, lilime langa linakana kalekale. Tauni iliyonse ili ndi nyumba yake yachifumu, yomangidwa ndi mabanja olemera akale, ena mwa iwo akuluakulu a mpingo. Kamangidwe kake mayi wa ambulera uja ankati ndi baroko. Mmene ndinaonera ine, ndiye kuti osasiya malo ngakhale a chikhatho chimodzi opanda chokongoletsa.

Masitepe ake ngolo ndi ng'ombe zake zikhoza kukwera osakhudza khoma. Kudenga anajambula mitambo ndi angelo onenepa ngati ana a kusikelo amene amayi awo amamvera malangizo. Magalasi ataliatali, golide m'mphepete mwa zitseko, makoma ena okutidwa ndi zikopa zosindikiza maluwa, mabedi okhala ndi denga lawolawo. Ine ndinkangoganiza za amene ankapukuta fumbi m'timakwinya tonse tija. Agogo anu khosi linawawa ndi kuyang'ana kumwamba. Chipewa anavula pakhomo loyamba, ndipo titafika pa chipinda chogona anaima.

"Nabanda, tikulowa kuchipinda kwa eni ake?"

"Eni ake anafa kalekale, abambo a Thoko. Tiyeni, ambulera ikutisiya."

"Ngakhale anafa. Odi kuno," anatero chapansipansi, n'kulowa.

Anachita zimenezi m'nyumba zonse zimene tinalowa. Mayi wina wa ku Derby anandifunsa ngati amuna anga akupemphera. Ndinati inde, kuti nkhani ithe.

Koma kunja kwake, kuminda, ndiko anatsitsimuka. Mipanda ya mitengo anaimeta ngati mitu ya ana a sukulu tsiku lotsegulira. Madzi ankatuluka m'kamwa mwa nsomba ndi mikango yamiyala, n'kumatsika masitepe awoawo, popanda injini, atangowatchera kuchokera pamwamba pa phiri. Ziboliboli zambiri zinali zosavala, ine ndinkayang'ana maluwa. Kuseri kwa nyumba ina kunali nkhalango yotchingidwa ndi khoma, mitengo ikuluikulu yandere, mmene eni ake ankasakamo agwape. Agogo anu anatsata ngalande ya madzi mpaka kumene inayambira, anabwera thalauza itanyowa m'mawondo.

"Madzi onsewa akungosewera, Nabanda. Kwathu akanathirira kabichi wa mudzi wathunthu."

Ankanena ngati akudandaula, koma nkhope yawo inali imene ndinaiona pa Linthipe. Zaka zonse za makatoni sindinaionepo. Tinakhala pa benchi yamwala, ndinayala chitenje, tinadya mandasi amene ndinakazinga ku Leicester. Anali atauma, koma tinawamaliza, anzathu akudikira khofi wa m'tikapu tating'ono ngati zivindikiro za botolo. Masiku amenewo ndimawakumbuka kuposa tsiku la ukwati wathu, limene ndinatha ndikudandaula za nsapato zothina.

Tsiku lomaliza tinafika pa munda wa mandimu. Mitengo yake sinali m'nthaka, inali m'miphika yadothi ikuluikulu yofika m'chiuno, itandandalikidwa mizere iwiri kutsogolo kwa nyumba ina yachifumu. Mandimu ena anali aakulu ngati papaya laling'ono, khungu lamakwinya. Wotitsogolera anati mitundu ina ndi yakale kwambiri, yovuta kuipeza kwina. Agogo anu anagwada pa mphika umodzi, kuyang'anitsitsa pamene anamezanitsira, chala chili chapafupi osakhudza.

"Dzanja limene linagwira apa linali lodziwa," anatero. "Mtundu uwu ndikanaumezanitsa pa kandimu kathu ka pa windo kaja."

Kenaka anadzuka, napita kukaona kasupe.

Tsono apa werengani pang'onopang'ono. M'chikwama changa munali sizasi yanga ya ku wodi, yobuntha kunsonga, yodulira mabandeji. Inabwera mu sutikesi, ndipo sindinkayenda popanda iyo. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wosamalira munda kuti ndipemphe. Kunalibe, inali nthawi ya chakudya chamasana imene Ataliyana amasiya chilichonse. Chingwe chotchinga chinalipo, sindinama kuti sindinachione. Ndinatambasula dzanja pamwamba pake, ndinadula nthambi zitatu zotalika ngati pensulo. Ndinadula ndine. Agogo anu anali kutali, atandifulatira.

Nditawapatsa anayang'ana nthambizo, kenaka anayang'ana ine.

"Mwapempha?"

"Kulibe munthu."

"Ndiye tikawauze potuluka."

Ananyowetsa mpango wawo pa kasupe, anakulunga nthambi zija bwinobwino monga ankachitira pa njinga, n'kuziika m'thumba la pachifuwa masamba akuonekera. Pa chipata panali kaofesi kogulitsira matikiti, muli mayi wovala yunifolomu. Agogo anu anavula chipewa, anaika kamtoloko pa tebulo, ndipo m'Chingerezi chawo chija cha kusukulu ya mishoni anati tatengako mbewu pa mtengo wanu wachitatu kuchokera ku kasupe, tabwera kudzakuuzani ndi kudzathokoza, ndife a ku Malawi koma timakhala ku Leicester.

Mayi uja anayang'ana masamba aja nthawi yaitali. Kenaka anatenga foni.

Kunabwera mkulu wa osamalira munda, bambo wamkulu thupi wovala epuloni, akutafunabe chakudya. Anayankhula nthawi yaitali, manja akuuluka. Anakaitana mayi wa ambulera ku basi kuti adzamasulire. Kudzera mwa mayiyo, bambo uja anati mitengo imeneyo ndi yotetezedwa ndi lamulo, kuti chitsulo chochokera kwina chikhoza kulowetsa matenda opha mzere wonse, ndipo akuganiza zoitana apolisi. Za matendazo zinandipsetsa mtima. Sizasi imene ndinkaipukuta ndi mankhwala tsiku lililonse? Ndinayamba kuyankha, koma agogo anu anandiponda phazi.

Kenaka bambo wa epuloni anafunsa kuti wadula ndani. Ndinatsegula pakamwa. Agogo anu anatembenukira kwa ine akumwetulira, kuti anthu aja aziyesa akunditonthoza, n'kuyankhula m'Chichewa.

"Nabanda, khalani chete. Dzina lanu lili m'kaundula wa anamwino. Apolisi akalilemba, mudzayenera kukanena kuntchito."

"Koma ndadula ndine."

"Ndamva. Makatoni anga safunsa mbiri ya munthu. Ndipatsireni sizasiyo pansi pa tebulo."

Kunali kutatsala zaka zochepa kuti ndipume ntchito. Ndinaganiza za mafomu amene tinkasayina onena kuti tilibe mlandu kulikonse, ndi za akuluakulu a ku wodi akuwerenga nkhani ya namwino wa ku Malawi amene anagwidwa ndi apolisi kunja. Mwina sizikanafika patali choncho, sindikudziwa. Ndinawapatsa sizasi.

Anaitulutsa ngati yachokera m'thumba mwawo, n'kunena kuti ndine. Anafotokoza za mwambo wa kwathu, mayi wa ambulera akumasulira. Bambo wa epuloni anasiya kukweza manja. Anamasula mpango uja, kutembenuza nthambi imodziimodzi, n'kunena mawu ochepa. Wotitsogolera anazengereza, kenaka anamasulira kuti kakulungidweka ndi ka munthu wodziwa mitengo, koma kadulidweka ndi ka munthu amene sanamezanitsepo, khungwa laphwanyika, nthambizi sizikanagwira n'komwe.

Inu ana, agogo anu anamezanitsa mapichesi ndi mango m'midzi yosawerengeka, alimi ankaitana ana awo kuti adzaone mmene amadulira. Koma anakweza dzanja lawo lamanja, lomwe linali lisananjenjemerepo, n'kunena kuti ndakalamba bwana, dzanja silikumveranso.

Apolisi sanabwere. Analemba pepala, agogo anu anasayina, nthambi ndi sizasi zinatsala komweko, ndipo anatiperekeza mpaka kunja kwa chipata. Bambo wa epuloni anabweza mpango ataupinda. Ku basi anzathu anali atadikira nthawi yaitali padzuwa, palibe amene anatiyang'ana. Tikutsika phiri ndinati pepani. Iwo anati, "Mpango wanga wabwerera, vuto lili pati," n'kumayang'ana mitengo ya maolivi pa windo.

Pepalalo ndi lachikasu lija, lopyapyala, lili kumapeto mu envulopu. Namwino mnzanga wobadwira ku Italiya anandiwerengera ku wodi, ndipo zimene ananena ndinazilemba kuseri ndi pensulo. Likunena nthambi zitatu. Likunena kuti mlendoyo anabwera nazo yekha ku ofesi. Za zipatso mulibe, za kumangidwa mulibe, ndipo mfumu mulibe, nyumbayo inali m'manja mwa boma la tauniyo.

Nanga nkhani ya kuba inachokera kuti? Kwa iwo omwe. Titafika kuno amayi anu anafunsa kuti ulendo unayenda bwanji, agogo anu n'kuisandutsa nthabwala, chitsiru ali iwowo. Khirisimasi iliyonse inkakula. Nthambi zinasanduka mandimu odzaza matumba, kaofesi kanasanduka chitokosi, ndipo iwe Tadala chaka china unawonjezerapo galu wa apolisi. Woseka kwambiri anali iwo. Ine ndinkapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Agogo anu ndinawauza tsiku lina kuti tiwauze anawa zoona. Anati mukapuma ntchito. Nditapuma ndinanenanso.

"Asiyeni, Nabanda. Ndi nkhani iti ina imene anawa amakhala pansi n'kuimvera m'Chichewa mpaka kumapeto?"

Ndinavomera. Ndikanakonda kulemba kuti ndinavomera chifukwa cha iwo, koma ndinavomera chifukwa zinkandikomera. Ine amene ndinkadzudzula anamwino achitsikana akalemba nthawi yolakwika pa khadi la wodwala, ndinasiya dzina lolakwika pa pepala zaka zonsezi. Amayi anu nawonso akumva lero, powerenga pamodzi nanu.

Iwo ali moyo inali nthabwala yawo, ankaiyamba okha n'kuitseka okha. Tsopano sangathenso kutsinzinira diso kuti anthu adziwe kuti akuseleula. Ndiye Yankho, nkhaniyo usaichotse, agogo ako akanakwiya utawalanda omvera. Koma uinene mmene inachitikira. Unene kuti anapita okha ku ofesi, chipewa chili m'manja, kukathokoza. Unene kuti anavomera pamaso pa mlimi mnzawo kuti sadziwa kudula nthambi. Ndipo utchule amene anadula, momveka, osameza mawu monga umachitira ukamanena Chichewa pagulu. Unene kuti anadula ndi agogo aakazi, Nabanda, ndi sizasi ya mabandeji.

Ine ndidzakhala pa mpando wakutsogolo, pafupi ndi abusa. Ofuna kuseka adzandipeza pamenepo, pakamwa poyankhira ndikadali napo.